Barry Brenner, makoswe a ku Munich, ndi piritsi loteteza impso ndi mtima

Pali mapiritsi amene anthu miyandamiyanda padziko lonse amamwa m'mawa uliwonse, ndipo mayina ake amathera ndi "pril" kapena "sartan": enalapril, lisinopril, losartan. Mukawafunsa anthuwo amakuuzani kuti ndi mankhwala a BP, ndipo sakunama. Koma dokotala akalembera mankhwala amenewa munthu wodwala shuga amene mkodzo wake wayamba kutuluka ndi mapuloteni, maganizo ake sakhala pa BP yokha. Amakhala akutchinjiriza impso za munthuyo, komanso mtima wake. Nzeru imeneyi ili ndi kumene inachokera, ndipo mukaitsata mufika pa dokotala wina wa ku America, Barry Brenner, amene anamwalira mu Ogasiti 2024 ali ndi zaka 86.

Ndasankha kulemba za iye chifukwa cha funso limene limandivutitsa: kodi wofufuza za matenda timamuyeza ndi chiyani kuti tidziwe ngati ntchito yake inapindula? M'mayunivesite yankho lachangu ndi kuwerenga. Walemba mapepala angati, ndipo anzake atchula mapepalawo kangati m'zolemba zawo? Mu 2005 katswiri wa fizikisi wa ku California, Jorge Hirsch, anakonza muyeso wotchedwa h-index. Munthu amene h-index yake ndi 50 ndiye kuti ali ndi mapepala 50 amene lililonse latchulidwa kosachepera maulendo 50. Pa muyeso wotere Brenner ali m'gulu la apamwamba, popeza analemba mapepala mazanamazana. Koma nambala siikuuzani chifukwa chimene pepala likutchulidwira. Ena amalitchula polivomereza, ena politsutsa, ena pongotsatira mwambo. Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi wotopetsa kuposa pamenepo: kutenga ganizo limodzi la munthuyo, kulitsatira kuyambira pamene linabadwira mpaka pabedi la wodwala, n'kuona mbali zimene zinapirira mayeso ndi zimene zinagwa.

Tisefa miliyoni

Impso si chiwalo chachikulu. Kukula kwake n'kofanana ndi nkhonya ya mwini wake. Komabe impso ziwiri zimalandira pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima ukupopa. M'kati mwa impso iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono, timene madokotala amati nephron, pafupifupi miliyoni imodzi, ngakhale kuti chiwerengerochi chimasiyana kwambiri munthu ndi munthu: ena ali ndi tisefa 200,000 tokha pa impso imodzi, ena kuposa 2 miliyoni. Kumutu kwa kasefa kalikonse kuli kampira ka timitsempha topiringizana, kotchedwa glomerulus. Magazi amalowa m'kampirako kudzera pa kamtsempha kamodzi n'kutulukira pa kena, ndipo ali m'katimo, mphamvu imene akukankhidwa nayo imafinya madzi kudutsa pakhoma la timitsemphato. Tsiku lililonse impso za munthu wamkulu zimasefa malita pafupifupi 180. Ochuluka amabwezedwa m'thupi, ndipo amene amatsala, lita imodzi ndi theka kapena awiri, ndiwo mkodzo.

Zoti impso ndi mtima zimayendera limodzi zinaoneka kalekale. M'zaka za m'ma 1820 ndi 1830, pa chipatala cha Guy's ku London, Richard Bright ankathira mkodzo wa odwala otupa thupi mu supuni n'kuutenthetsa pa kandulo. Ukagwirana n'kuyera ngati dzira lophika, ankadziwa kuti muli mapuloteni amene sayenera kukhalamo. Odwalawo akamwalira, poyeza matupi awo ankapeza impso zofota, ndipo mu 1836 analemba kuti ambiri mwa iwo mtima wawo unali wokula ndi wokhuthala kumanzere. Mu 1898 ku Stockholm, Robert Tigerstedt ndi Per Bergman anapeza kuti impso imapanga chinthu chokweza BP, n'kuchitcha renin. Mu 1934 ku Cleveland, Harry Goldblatt anapana mitsempha yopita ku impso zonse ziwiri za galu, BP ya galuyo n'kukwera osatsikanso. Choncho pofika nthawi ya Brenner, aliyense ankadziwa kuti impso yodwala imakweza BP, BP imalemetsa mtima, ndipo mtima wofooka umamana impso magazi.

Chimene chinali chisanamveke ndi ichi. Munthu amadwala impso, chimene chinayambitsa matendawo chimatha, koma impso zimapitirirabe kufota chaka ndi chaka mpaka kulekeratu. Madokotala ankangoonerera. Akajambula zotsatira za magazi papepala, mzere unkatsetsereka mosalekeza moti ankatha kulosera chaka chimene wodwalayo adzafune dayalisisi, kusefedwa magazi ndi makina m'malo mwa impso. Kodi chikuwononga tisefa totsalato n'chiyani, pomwe mdani woyamba uja anachoka?

Kusuzumira m'kasefa kamodzi

Kuti munthu ayankhe funsoli anayenera kuyeza zimene zikuchitika m'kati mwa glomerulus imodzi ya nyama yamoyo, ndipo mwa nyama zoyamwitsa zimenezi zinali zosatheka, chifukwa timipira timeneti timabisika pansi pa khungu la impso. Mwayi unachokera ku Germany. Mu labotale ya Klaus Thurau ku Munich munapezeka mtundu wa makoswe amene timipira tawo tina tili pamwamba penipeni pa impso, toonekera. Makoswewa amatchedwa Munich-Wistar. Brenner, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku San Francisco, anawapeza.

Tangoganizani ntchito yake. Khoswe wagonekedwa ndi mankhwala pa kathebulo kofunda, impso yake yaonetsedwa poyera, ndipo wofufuza wawerama pa maikulosikopu. M'dzanja lake muli kachipangizo koyendetsa kapaipi kagalasi kamene nsonga yake ndi yopyapyala kuposa tsitsi kambirimbiri. Ayenera kubaya kamtsempha kamene maso paokha sangakaone, osakang'amba, pamene impsoyo ikugwedezeka pang'ono nthawi iliyonse khosweyo akapuma. Timadzi timene akutenga n'tochepa moti amatiyeza m'magawo a biliyoni a lita. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1971 Brenner, Julia Troy ndi Terrance Daugharty anafalitsa zimene anapeza: kwa nthawi yoyamba mphamvu ya magazi m'kati mwa glomerulus ya nyama yoyamwitsa inayezedwa mwachindunji, ndipo inali pafupifupi 45 mmHg (muyeso womwe uja timayezera BP), yotsika kuposa mmene akatswiri ankaganizira.

Pepala limeneli silinachiritse munthu. Akanakhala kuti wina anafunsa chaka chimenecho kuti phindu la kubaya impso za makoswe n'chiyani, yankho lokhutiritsa likanasowa. Mfundo imeneyi ndimaigwira mwamphamvu, chifukwa amene amapereka ndalama za kafukufuku masiku ano amakonda kufunsa funso lomweli, ndipo amafuna yankho m'zaka zitatu. Apa panadutsa zaka 22 kuti wodwala woyamba atsimikiziridwe kuti wapindula.

Mu 1976 Brenner anasamukira ku Harvard, ku Boston, kumene anatsogolera gawo la impso pa chipatala chimene lero chimatchedwa Brigham and Women's. Kumeneko ndi kumene funso lalikulu lija analigwira pakhosi. Mu 1981, pamodzi ndi Thomas Hostetter ndi anzawo ena, anachotsa gawo lalikulu la impso za makoswe n'kusiya kachigawo kochepa, kenako anayeza tisefa totsalato. Kasefa kalikonse kanali kayamba kusefa kuposa kawiri mlingo wake wa nthawi zonse, ndipo mphamvu ya magazi m'kati mwake inali itakwera. Poyamba zimenezi zimaoneka ngati zabwino: thupi likudzithandiza, otsala akusenza katundu wa amene anapita. Koma pasanapite nthawi yaitali makoma a timipira tija anayamba kuwonongeka, mapuloteni anayamba kudontha, ndipo pamapeto pake timipirato tinasanduka zipsera.

Apa ndiye panagona ganizo lonse. Tisefa tikachepa, totsala timagwira ntchito mopitirira muyeso pansi pa mphamvu yaikulu. Mphamvuyo imatiwononga, tina timafa, katundu amachulukira totsala, ndipo zimangozungulira choncho. Matenda oyamba aja safunikanso kukhalapo, impso imadzimaliza yokha. Ofufuza amalitcha ganizoli hyperfiltration, kutanthauza kusefa kopyola muyeso. Ubwino wake unali wakuti linkaloza chochita. Ngati chowononga ndi mphamvu ya m'kati mwa kasefa, itsitseni muone ngati impso ikhalitsa.

Paipi yolowera ndi paipi yotulukira

Kumbukirani kuti kampira kaja kali ndi polowera ndi potulukira. Aliyense amene anagwirapo paipi yothirira amadziwa kuti ukatseka kukamwa kwake pang'ono ndi chala, paipiyo imalimba chifukwa madzi akupanikizana m'kati. Homoni yotchedwa angiotensin II, imene imabwera chifukwa cha renin uja, imachita zomwezo: imafinya kamtsempha kotulukira kuposa kolowera, ndipo mphamvu ya m'kampira imakwera. Mankhwala oletsa kupangidwa kwa homoniyi anali atangofika kumene. Chiyambi chake n'chodabwitsa pachokha: Sérgio Ferreira wa ku Brazil anapeza mu ululu wa njoka yotchedwa jararaca chinthu chotsitsa BP, ndipo akatswiri a kampani ya Squibb, Miguel Ondetti ndi David Cushman, anatengera pamenepo kupanga captopril, amene analoledwa ku America mu 1981.

Kuyesa kumene ndimakuona kokongola kwambiri pa ntchito yonse ya labotale ya Brenner kunafalitsidwa mu 1986, ndipo dzina loyamba papepalalo ndi la Sharon Anderson. Anatenga makoswe ochotsedwa impso aja n'kuwagawa. Ena anawapatsa enalapril, wa gulu limodzi ndi captopril. Ena anawapatsa mankhwala atatu akale a BP ophatikiza: reserpine, hydralazine ndi hydrochlorothiazide. M'magulu onse awiri BP ya m'thupi inatsika mofanana. Koma atabaya timipira, anapeza kuti mphamvu ya m'kati inatsika mwa makoswe a enalapril okha, ndipo iwo okhawo ndi amene impso zawo zinapulumuka ku zipsera. Uthenga unali womveka: nambala imene mumawerenga pamkono si nambala imene kasefa kakumva. Chaka chomwecho Roberto Zatz, wofufuza wa ku Brazil amene anali mu labotale yomweyo, anaonetsa zofananazo pa makoswe odwala shuga.

Khoswe si munthu, ndipo mbiri ya zachipatala yadzaza ndi mankhwala amene anachiza makoswe okha. Mayeso enieni anabwera mu 1993, pamene gulu lotsogozedwa ndi Edmund Lewis wa ku Chicago linayesa captopril pa anthu 409 odwala shuga ya mtundu woyamba amene impso zawo zinali zitayamba kuwonongeka. Chiopsezo cha imfa, dayalisisi kapena kuikidwa impso ina chinatsika ndi theka. Onani kuti kafukufukuyu sanali wa Brenner. Anthu ena, kwina, anatenga ganizo lake n'kuliika pa moto, ndipo linapirira. Kwa ine chimenechi chimalemera kuposa kutchulidwa kachikwi.

Kunatsala gulu lalikulu kwambiri, la odwala shuga ya mtundu wachiwiri. Apa Brenner anatsogolera yekha kafukufuku wotchedwa RENAAL, amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu Seputembala 2001, ndipo ndalama zake zinachokera ku kampani ya Merck, yopanga losartan. Munali anthu 1,513 a m'mayiko 28, amene anatsatiridwa kwa zaka zoposa zitatu. Theka linalandira losartan, theka linalo piritsi lopanda mankhwala, ndipo onse ankalandira mankhwala ena a BP. Chiopsezo choti impso zilekeretu kugwira ntchito chinatsika ndi 28 peresenti. Kugonekedwa m'chipatala koyamba chifukwa cha kufooka kwa mtima kunatsika ndi 32 peresenti. Mapuloteni a mumkodzo anachepa ndi 35 peresenti. M'magazini yomweyo munatulukanso kafukufuku wa Lewis wa irbesartan, wa anthu 1,715, woloza mbali yomweyo.

Manambala amenewa ayenera kuwerengedwa modekha, chifukwa peresenti imatha kunyenga khutu. Mwa anthu 100 alionse amene sanalandire losartan, pafupifupi 25 impso zawo zinaleka. Mwa amene analandira, pafupifupi 20. Ndiye kuti asanu kapena asanu ndi mmodzi anapulumuka m'zaka zimenezo, ndipo 20 sanapulumuke ngakhale ankamwa mankhwalawo. Chiwerengero cha imfa sichinasinthe. Mankhwalawa amachedwetsa, sachiza. Komabe kwa munthu amene wapatsidwa zaka zina zingapo asanayambe kulumikizidwa ku makina katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, kuchedwetsako si nkhani yaing'ono.

Pali chinthu china chimene ganizo la Brenner linasintha m'chipinda cha dokotala, ndipo odwala ambiri amachita nacho mantha. Munthu wayamba lisinopril kapena losartan. Patatha sabata imodzi kapena ziwiri ayezedwa magazi, ndipo creatinine, chizindikiro cha mmene impso zikusefera, wakwera pang'ono. Poona pepalalo, mtima umagunda: mankhwala aja akuwononga impso. Koma amene akudziwa za paipi yotulukira ija amamvetsa kuti chala chachotsedwa papaipi. Mphamvu yatsika, kusefa kwatsika pang'ono, ndipo kumeneko ndiye kupuma kumene kasefa kankafuna. N'chifukwa chake malangizo a madokotala amalola kukwera kosapitirira 30 peresenti popanda kusiya mankhwala. Kukapitirira pamenepo, kapena potaziyamu akakwera m'magazi, dokotala amafufuza chifukwa chake. Ndipo mankhwala a gulu limeneli saloledwa kwa mayi woyembekezera, chifukwa amawononga impso za mwana wosabadwa.

Pamene ganizo linapunthwa

Wofufuza wamkulu timamulakwira tikamamuonetsa ngati sanaphonyepo. Mu pepala la 1981 lija, makoswe amene anadyetsedwa chakudya cha mapuloteni ochepa anatetezeka ku kusefa kopyola muyeso, ndipo mu 1982 Brenner, Timothy Meyer ndi Hostetter analemba nkhani yotchuka yonena kuti kudya mapuloteni ambiri kumafulumizitsa kufota kwa impso. Madokotala ambiri anayamba kuchepetsera odwala awo mapuloteni. Boma la America linalipira kafukufuku wamkulu wotchedwa MDRD, wa anthu 840, ndipo zotsatira zake mu 1994 sizinaonetse phindu lomveka bwino. Mpaka lero akatswiri amatsutsanabe pa nkhaniyi. Ambiri amalangiza kusadya mapuloteni mopyola muyeso, koma phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi mmene makoswe analonjezera, ndipo kuchepetsa kwambiri kukhoza kufooketsa wodwala amene ndi wofooka kale.

Chinanso chinali chiyembekezo chakuti ngati kutseka angiotensin ndi mankhwala amodzi kukuthandiza, kuphatikiza a "pril" ndi a "sartan" kuthandiza koposa. Mapuloteni a mumkodzo ankatsikadi kwambiri. Koma kafukufuku wa ONTARGET mu 2008 anapeza kuti kuphatikizako kunabweretsa mavuto a impso ochuluka popanda phindu pa mtima, ndipo wa VA NEPHRON-D anaimitsidwa nthawi isanakwane, n'kufalitsidwa mu 2013, chifukwa odwala ambiri potaziyamu ankawakwerera ndipo impso zinkaima mwadzidzidzi. Kasefa kamafuna mphamvu ina yake kuti kasefe. Ukaitsitsa mopitirira, makamaka wodwala akatsegula m'mimba kapena kusanza n'kutha madzi m'thupi, kamaima.

Palinso anthu opereka impso kwa abale awo. Amatsala ndi theka la tisefa tawo, totsalato timasefa mowonjezera, koma ambiri amakhala zaka makumimakumi ali bwino, ngakhale kuti chiopsezo chawo chimakwera pang'ono. Zimenezi zikusonyeza kuti mwa munthu, kusefa kowonjezera pakokha sikokwanira kupha impso. Pamafunika kuti tisefa tichepe kwambiri, kapena pakhale shuga, BP, kunenepa kwambiri, kapena chibadwa chotengera ku makolo.

Koma taonani chimene chinatuluka mu MDRD, kafukufuku amene anaoneka ngati walephera. Chifukwa chakuti odwala ake anayezedwa mosamala kwambiri, Andrew Levey ndi anzake anagwiritsa ntchito zotsatirazo mu 1999 kupanga masamu osandutsa creatinine, zaka za munthu ndi zina zochepa kukhala nambala imodzi yosonyeza mphamvu ya impso, eGFR. Nambala imeneyi ndi imene lero imalembedwa pa zotsatira za magazi, ndipo ndi imene inachititsa kuti matenda a impso agawidwe m'magawo asanu kuyambira 2002. Ndi nambala yomweyi, Alan Go ndi anzake mu 2004 anaunika anthu oposa 1.1 miliyoni ku California, n'kupeza kuti eGFR ikamatsika pansi pa 60, imfa ndi matenda a mtima zimakwera sitepe ndi sitepe, moti amene eGFR yawo inali pansi pa 15 chiopsezo chawo cha imfa chinali pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi cha amene eGFR yawo inali 60 kapena kuposa. Zinaonekanso m'kafukufuku wina kuti odwala impso ambiri samafika n'komwe pa dayalisisi, chifukwa mtima umawatenga kaye. Palibe muyeso wowerenga mapepala umene ungakuonetseni njira yokhotakhota imeneyi, yochokera pa chakudya cha makoswe kufika pa nambala ya pa pepala la wodwala aliyense.

Mankhwala a shuga amene anadabwitsa aliyense

Kwa zaka zoposa khumi pambuyo pa RENAAL, kafukufuku wa mankhwala atsopano a impso ankangobwera ndi zokhumudwitsa. M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2008, bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linalamula kuti mankhwala atsopano a shuga aziyesedwa kuti aoneke ngati savulaza mtima. Cholinga chinali chongotsimikizira chitetezo. Mu 2015 kafukufuku wa EMPA-REG OUTCOME, wa anthu 7,020, anaonetsa kuti empagliflozin, mankhwala otayitsa shuga mumkodzo, anachepetsa imfa za matenda a mtima ndi 38 peresenti, ndipo impso za omwa mankhwalawa zinkafota pang'onopang'ono kuposa za anzawo. Kunatsatira CREDENCE mu 2019 motsogozedwa ndi Vlado Perkovic wa ku Australia, DAPA-CKD mu 2020 motsogozedwa ndi Hiddo Heerspink wa ku Netherlands, ndi EMPA-KIDNEY mu 2022. Awiri omalizawa anaphatikiza anthu opanda shuga, ndipo nawonso anapindula.

Atafuna kufotokoza chifukwa chake, akatswiri anabwerera ku paipi ija. Mankhwalawa, otchedwa SGLT2 inhibitors, amaletsa shuga ndi mchere kubwezedwa m'thupi kumayambiriro kwa kapaipi ka kasefa. Mchere wochuluka ukafika kumunsi, timaselo tina tolondera timatumiza uthenga woti kamtsempha kolowera kafinyike, ndipo mphamvu ya m'kampira imatsika. A "pril" ndi a "sartan" amatsegula potulukira, awa amachepetsa polowera. Ndipo monga zimakhalira ndi oyamba aja, eGFR imatsika pang'ono m'masabata oyambirira kenako n'kukhazikika. Sindikunena kuti Brenner ndiye anapeza mankhwalawa, ndipo ofufuza amati amathandizanso m'njira zina, monga kuchepetsa madzi m'thupi ndi kupeputsa ntchito ya maselo a impso ndi a mtima. Koma pamene eGFR inatsika m'masabata oyamba aja, ofufuza sanachite mantha n'kusiya, chifukwa anali ndi kalilole woonera zimene zikuchitika. Kaliloleyo anasulidwa pa makoswe a ku Munich.

Paja mutu umodzi susenza denga. M'nkhani yonseyi mayina a anthu ena akhala akubwera, ndipo ena mwa iwo ndi amene anaphunzira mu labotale ya Brenner n'kukatsegula zawo. Sharon Anderson anadzakhala mayi woyamba kutsogolera bungwe la madokotala a impso ku America. Zatz anabwerera ku São Paulo n'kupitiriza kafukufuku kumeneko. Buku lalikulu lophunzitsira za impso limene Brenner anakonza ndi Floyd Rector kuyambira 1976 likusindikizidwabe mwatsopano mpaka pano ndi akonzi ena. Mbali imeneyi ya ntchito ya wofufuza, yolera anthu, siioneka pa h-index yake, imaoneka pa ya ophunzira ake.

Tisefa timene munthu amabadwa nato

Ganizo lachiwiri la Brenner ndi limene ndimaliona kuti silinafike pachimake, ndipo mwina ndi limene lidzakhudze anthu ochuluka. Mu 1988, ndi Diego Garcia ndi Anderson, anafunsa kuti: ngati kuchepa kwa tisefa kumakweza BP ndi kuwononga impso, nanga munthu amene anabadwa ndi tisefa tochepa? Tisefa timapangidwa mwana ali m'mimba, tochuluka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo kupangidwako kumatha pafupifupi sabata ya 36. Pambuyo pake thupi silipanganso kena. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa wochepa thupi chifukwa mayi ake sankadya mokwanira kapena ankadwala, akhoza kuyamba moyo ndi nkhokwe yaing'ono. Nthawi yomweyo ku England, David Barker ankapeza kuti anthu amene anabadwa ochepa thupi ankadwala mtima kwambiri atakula. Maganizo awiriwa anakumana.

Kuwerenga tisefa mwa munthu wamoyo n'kovuta, choncho umboni unachedwa. Mu 2003 ofufuza a ku Germany anawerenga timipira m'impso za anthu amene anafa pa ngozi, khumi amene anali ndi BP ndi khumi amene analibe. A BP anali ndi timipira pafupifupi 700,000 pa impso, enawo pafupifupi 1.4 miliyoni, ndipo timipira ta a BP tinali tikulutikulu, chizindikiro cha kugwira ntchito mopyola. Anthu makumi awiri ndi ochepa, ndipo onse anali azungu. Kafukufuku wa Michael Hughson, Wendy Hoy ndi John Bertram anatsimikiza kuti kulemera kwa mwana pobadwa kumayenderana ndi chiwerengero cha tisefa, koma mwa anthu akuda a ku America kugwirizana kwa chiwerengerocho ndi BP sikunaoneke bwino ngati mwa azungu. Ndiye kuti ganizoli likufotokoza gawo la nkhani, ndipo gawo lina lili m'chibadwa ndi m'mikhalidwe imene anthu amakulira.

Ngakhale zili choncho, tanthauzo lake n'lalikulu. Akatswiri amayerekeza kuti anthu pafupifupi 850 miliyoni padziko ali ndi vuto la impso, ndipo dayalisisi ndi yodula moti m'mayiko ambiri oifuna ochuluka saipeza. Mu 2023 bungwe la American Heart Association linayamba kutchula matenda a mtima, a impso, shuga ndi kunenepa kwambiri ngati vuto limodzi lolumikizana, n'kulimbikitsa kuti anthu amene ali pa chiopsezo aziyezedwa zinthu ziwiri: eGFR m'magazi ndi albumin mumkodzo, puloteni yomwe ija Bright ankaiona mu supuni. Koma mankhwala onse amene tatchula amangoteteza tisefa timene tilipo. Palibe amene amameretsa katsopano.

M'zaka zake zomaliza Brenner anagwira kwambiri nkhaniyi pamodzi ndi Valerie Luyckx, dokotala wa impso amene anaphunzira ku Johannesburg. Mu 2017 iwo ndi gulu la akatswiri a impso, a ana ndi a amayi oyembekezera analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zimene akuona kuti ziyenera kuchitika: mayi adye mokwanira ndi kuyezedwa BP ndi shuga ali woyembekezera, kulemera kwa mwana ndi sabata imene wabadwira zilembedwe ndi kusungidwa, khanda lobadwa masiku asanakwane lisapatsidwe mankhwala ovulaza impso popanda chifukwa chachikulu, ndipo mwana wotereyo akamakula aziyezedwa BP ndi mkodzo. Anapemphanso kuti dokotala woona munthu wamkulu wodwala BP kapena impso azifunsa funso limene kawirikawiri silifunsidwa, lakuti munthuyo anabadwa wolemera bwanji ndiponso ngati miyezi inali itakwana.